Mutu 11: Malire a Potulukira

Kompyuta, ngakhale ikule bwanji, singawerengere dziko lonse. Injiniya akafuna kudziwa mmene mpweya udzayendere pa phiko la ndege, mmene utsi udzatulukire m'chumuni cha fakitale, kapena mmene madzi adzadutsire pansi pa mlatho umene sunamangidwe, amayamba wadula. Amasankha kachigawo kamene akufuna kukaona, n'kukazinga ndi mpanda wa m'maganizo, zonse za kunja n'kuzisiya. Ntchito yoyeserera pa kompyuta kayendedwe ka madzi ndi mpweya, imene akatswiri amangoiti CFD, yonse imachitikira m'kati mwa mpanda umenewu.

M'katimo malamulo ake ndi odziwika kuyambira kale. Leonhard Euler anawalemba m'masamu mu 1757, koma osawerengera kukhulana kwa madzi okhaokha. Claude-Louis Navier, injiniya wa milatho wa ku France, anawonjezera mbali imeneyo mu 1822, ndipo George Gabriel Stokes wa ku Cambridge anailongosola bwino mu 1845. Zimene malamulowo amanena n'zomveka: madzi sabadwa okha ndipo sasowa okha, kotero olowa ayenera kutuluka kapena kuunjikana, komanso kadontho kalikonse kamasintha liwiro malinga ndi mmene anzake akukakankhira ndi kukakoka. Chovuta ndi kupeza yankho. Ndiye kompyuta imagawa malo onse m'timabokosi, nthawi zina mamiliyoni ambiri, ndipo kabokosi kalikonse kamadziwa za iko kokha pofunsa oyandikana nako: wakumbuyo wanditumizira madzi ochuluka bwanji, wakutsogolo akundikankha ndi mphamvu yanji.

Funso limafika pa kabokosi komaliza, kamene kagunda mpanda. Iko kalibe mnzake kutsogolo. Woyankha m'malo mwa mnzakeyo ndi munthu, ndipo yankho lake ndi limene limatchedwa lamulo la pamalire.

Pakhoma sipavuta, chifukwa madzi okhudza khoma amaima nalo limodzi. Polowera naponso kawirikawiri pamakhala poyambira: pampu ili ndi mlingo wake wodziwika, mphepo inayezedwa, ndege tikudziwa liwiro limene ikuulukira. Pamene pamazunguza mutu ndi potulukira. Madzi ofika pamenepo adutsa kale pa chinthu chimene tikuchifufuza, asokonezeka nacho, ndipo mmene akutulukira ndi mbali ya yankho limene sitinalipeze. Komabe masamu sangayambe tisananenepo kanthu. Tikukakamizika kulankhula m'malo mwa dziko lonse limene talidula, ndipo tiyenera kulankhula zokwanira, osachepetsa, osachulutsa.

Kumunsi kumalamula kumtunda

Munthu angaganize kuti madzi akadutsa adutsa basi, zakumunsi sizingakhudze zakumtunda. Mlimi wa m'dimba amadziwa kuti si choncho. Akatseka ngalande ndi chibuma kumapeto kwa bedi, madzi amayamba kukwera chobwerera m'mbuyo, mpaka pamene khasu lake silinafike n'komwe. Uthenga woti njira yatsekedwa umayenda molimbana ndi madziwo.

Zomwezi zimachitika pa mlingo wa dziko. Nyanja ya Malawi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, mtsinje wa Shire, umene umayambira kufupi ndi Mangochi, n'kudutsa m'nyanja ya Malombe, n'kufika pa Liwonde. M'chigawo chonsechi mtsinjewu umayenda mofatsa kwambiri, pakuti dziko lake silitsetsereka kwenikweni. Pa Liwonde pali Kamuzu Barrage, imene inamalizidwa mu 1965 kuti makina opangira magetsi kumunsi, kuyambira a pa Nkula, azipeza madzi okwanira chaka chonse. Chifukwa chodera nkhawa chinalipo: pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inaphwa mpaka mtsinjewu unasiya kutulutsa madzi ake. Zitseko za pa Liwonde zikatsitsidwa, madzi amakwera kumtunda, ndipo zotsatira zake zimamveka mpaka kunyanja yeniyeniyo, makilomita oposa 70 kuchokera pamenepo. Aliyense wofuna kuwerengera pa kompyuta kayendedwe ka madzi pakati pa Mangochi ndi Liwonde sangathawe funso lakuti zitsekozo zili motani. Akalakwitsa pamenepo, kuya kwa madzi kumene kompyuta idzamuuze m'chigawo chonsecho kudzakhala kolakwika, ngakhale atayeza gombe lililonse mosamala.

Koma tsikani nawo mtsinjewo kudutsa Matope, kumene umayamba kugwa pa Kholombidzo, Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Pamathithi nkhani imatembenuka. Chimene chikuchitika m'dziwe la pansi pa mathithi sichingakwere kukasintha madzi a pamwamba pake. Kusiyana kwa malo awiriwa kwagona pa mpikisano wa maliwiro awiri. Uthenga wa m'madzi osaya umayenda ngati funde, ndipo liwiro la fundelo limadalira kuya kwa madzi: pamene akuya mita imodzi limayenda mamita pafupifupi 3 pa sekondi, pamene akuya mamita 4 limayenda mamita 6 ndi pang'ono. Madzi akamayenda pang'onopang'ono kuposa funde, funde limakwanitsa kukwera mtunda. Akamathamanga kuposa funde, amalikokolola n'kupita nalo. Mukagawa liwiro la madzi ndi liwiro la funde mumapeza nambala ya Froude, yotchedwa dzina la William Froude, Mngelezi amene ankayeza timasitima tamatabwa ndi taphula m'thanki ku Torquay m'zaka za m'ma 1870. Nambalayo ikakhala pansi pa 1, potulukira pamafunika lamulo, ndipo mapulogalamu a mitsinje monga HEC-RAS, imene asilikali omanga a ku America anaitulutsa mu 1995, amafunsa kuya kwa madzi kumunsi kapena ubale wa kuyako ndi kuchuluka kwa madzi odutsa. Ikapitirira 1, kumunsi kulibe chonena.

Mumpweya funde lonyamula uthenga ndi phokoso, limene limayenda mamita 343 pa sekondi kunja kukatentha madigiri 20, ndipo nambala yake ndi ya Mach. Apa masamu amachita kuwerenga bwinobwino. Kuti mudziwe mpweya pa malo ena mumafunika zinthu zisanu: kuthithikana kwake, kutentha kwake, ndi liwiro lake m'mbali zitatu. Mpweya ukamatuluka pa liwiro lochepera la phokoso, mauthenga anayi mwa asanuwo amachokera m'kati n'kutuluka nawo, koma umodzi umalowa kuchokera kunja. Choncho injiniya ayenera kupereka chinthu chimodzi chokha, ndipo kawirikawiri chimakhala pulesha ya kunjako. Mpweya ukamatuluka mothamanga kuposa phokoso, monga kukamwa kwa injini ya roketi, onse asanu amatuluka, ndipo injiniya sayenera kupereka kalikonse. Ngakhale pamenepo pali kampata: mpweya wokhula khoma umayenda pang'onopang'ono, ndipo pulesha ya kunja ikakula imatha kuzembera m'kamzere kameneko n'kukachotsa mpweya pakhoma m'kati mwa injini.

Phunziro loti osachulutsa linaphunziridwa msanga. Mu 1950, Jule Charney, Ragnar Fjørtoft ndi John von Neumann anagwiritsa ntchito kompyuta ya ENIAC ku Aberdeen, m'chigawo cha Maryland, kulosera nyengo ya maola 24 kumpoto kwa America. Mapu awo anali ndi mathero, ndipo mphepo inkalowa mbali zina n'kutuluka mbali zina. Anasonyeza kuti pamene mphepo ikulowa pamafunika kunena kuzungulira kumene ikubwera nako, koma pamene ikutuluka kuzungulirako kuyenera kusiyidwa kuti kuchokere m'kati. Ulosi wa tsiku limodziwo unawatengera pafupifupi tsiku lathunthu kuwerengera, koma mfundo yawo ya pamalire idakagwirabe ntchito mpaka lero.

Zimene amalemba m'kabokosi

Wophunzira akatsegula pulogalamu ngati Ansys Fluent kapena OpenFOAM, nzeru zonsezi amazipeza zitabisika m'mayina ochepa oti asankhe. Lofala kwambiri ndi pressure outlet. Munthu amanena pulesha ya potulukira, ndipo liwiro amalisiya kuti pulogalamu ilipeze yokha kuchokera m'kati. Ambiri amalembapo ziro. Ziroyo satanthauza kuti kunja kulibe mpweya. Amatanthauza kuti pulesha ya pamenepo ikufanana ndi ya mlengalenga, ma pascal 101,325 pagombe la nyanja yamchere. Pa madzi a m'paipi, amene safinyika kwenikweni, chofunika ndi kusiyana kwa pulesha pakati pa malo awiri, ndiye ziro wa potulukira amangokhala poyambira kuwerenga. Phokoso m'madzi limayenda mamita pafupifupi 1,480 pa sekondi, mofulumira kwambiri poyerekeza ndi madziwo, kotero masamu amangotenga ngati uthenga umafika paliponse nthawi imodzi. Ichi n'chifukwa chake kulakwitsa potulukira sikukhala pomwepo: kumamveka mpaka polowera.

Njira yachiwiri, imene Fluent imaitcha outflow, siifunsa pulesha. Imangoganiza kuti pofika potulukira madzi akhazikika, kotero kabokosi kamene kakanakhala kunja kwa mpanda kakanafanana ndi komaliza ka m'kati. Ganizoli ndi labwino ngati ndi loona. M'paipi yowongoka madzi amakhazikikadi, koma amafunika mtunda. Oyenda mwachipwirikiti amafuna utali woposa kukula kwa kamwa la paipiyo maulendo 10, nthawi zina mpaka 60. Oyenda mosalala, nambala ya Reynolds (muyeso wosonyeza ngati madzi ayenda mosalala kapena mwachipwirikiti) ikayandikira 2,000, angafune maulendo 100 kapena kuposa. Kuika lamulo limeneli pafupi ndi pokhota kapena kuseri kwa valavu ndi kulamula madzi kuti akhazikike pamene sanakhazikike, ndipo adzamvera, n'kupotoza zonse za kumbuyo kwake kuti zigwirizane ndi lamulolo.

Palinso msampha wa munthu wofuna kusamala kwambiri. Iye amadziwa kuti malita 10 akulowa pa sekondi, ndiye amalamulanso kuti malita 10 azituluka, n'kunenanso liwiro la pa kadontho kalikonse ka potulukira. Timabokosi tikangosiyanitsa manambala awiriwo ngakhale pang'ono, pulogalamu imakhala ikufunafuna yankho limene kulibe. Katswiri wa masamu wa ku France, Jacques Hadamard, ananena mu 1902 zimene funso labwino la masamu liyenera kukhala nazo: yankho likhalepo, likhale limodzi, ndipo lisalumphe kwambiri mukasintha pang'ono zimene mwapereka. Kupereka zochuluka kumapha choyambacho. Kupereka zochepa kumapha chachiwiri.

Ngakhale pulesha yofanana paliponse ili ndi malo amene imanama. Mpweya wotuluka m'fani kapena madzi otuluka m'pampu amatuluka akuzungulira, ndipo m'chinthu chozungulira pulesha imakhala yotsika pakati, yokwera m'mphepete. Mukalamula kuti ikhale yofanana, mumapha kuzungulirako kapena kukupotoza. Mapulogalamu ali ndi njira yolola pulesha kukwera kuchokera pakati kupita kukhoma, koma munthu ayenera kudziwa kuti akuifuna. Chimodzimodzi potulukira poimirira pa madzi akuya: pulesha imawonjezeka ndi ma pascal pafupifupi 9,800 pa mita iliyonse yopita pansi. Woiwala zimenezi adzaona madzi akuthovoka m'munsi mwa malire ake, ena akulowa chakumwamba, chinthu chimene m'ngalande yeniyeni sichichitika.

Madzi akabwerera

Ku Chiromo, m'chigwa cha Shire, mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Ruo amachokera m'phiri la Mulanje, kumene mvula imagwa yambiri, ndipo akadzaza amatsika mwaukali. Nthawi zina amafika ndi mphamvu yoti amatsekereza Shire, madzi n'kuyamba kubwerera kumtunda kulowa m'dambo la Elephant Marsh. Munthu amene wajambula dambolo pa kompyuta, n'kuika malire ake a kumunsi pa Chiromo ndi lamulo loti pano madzi amangotuluka, wachotsa m'masamu ake chinthu chenichenicho chimene chimamiza minda ndi midzi ya kumeneko. Zithunzi zake zidzaoneka zokongola, koma zidzasonyeza madzi otsika kuposa amene anthu adzakumane nawo. Ndimaona kuti apa ndi pamene nkhani ya malire imasiya kukhala ya m'kalasi. Mapu a madzi osefukira ndi amene amagwiritsidwa ntchito posankha pomanga sukulu, pokweza msewu ndi posamutsira anthu. Njira yolondola ndi kukankhira malire kumunsi kwa mathiriro, Ruo n'kumulowetsa m'kati mwa mpanda, kapena kupereka pamalirepo kuya kwa madzi kumene kunayezedwadi tsiku ndi tsiku.

Kubwerera kwa madzi potulukira ndi dandaulo limene ogwiritsa ntchito CFD amakumana nalo kawirikawiri. Pulogalamu imalemba chenjezo loti m'timabokosi takutitakuti ta potulukira madzi akulowa m'malo motuluka. Chenjezoli likaoneka poyambirira n'kuzimiririka yankho likamakhazikika, palibe vuto. Likakhalitsa, likunena chimodzi mwa ziwiri: mwina m'chilengedwe madziwo amabwereradi, kapena mpanda wadutsa pakati pa madzi ozungulira.

Chachiwirichi chili ndi chitsanzo chimene akatswiri onse amachidziwa. Ganizirani ngalande yotsekedwa pamwamba imene pansi pake pamatsika mwadzidzidzi ngati sitepe. Madzi akadumpha sitepeyo sagwira pansi nthawi yomweyo. Kuseri kwake kumatsala dziwe lozungulira chobwerera. Mu 1990, David Gartling wa ku Sandia National Laboratories ku America anawerengera mosamala kayendedwe kameneka pa nambala ya Reynolds ya 800, m'ngalande yaitali kwambiri, kuti yankho lake likhale muyeso woyesera malamulo a potulukira. Anapeza kuti dziwe la pansi limafika pa mtunda wokwana msinkhu wa ngalandeyo maulendo 6, ndipo kudenga kumabadwa lina, loyambira chapafupi ndi 5 n'kukathera chapafupi ndi 10 ndi theka. Ofufuza anayamba kudula ngalandeyo dala pa 7, pakatikati pa dziwe lakudengalo, kuti aone lamulo limene lingapirire. Malamulo ena anafupikitsa dziwelo, ena analipotoza, ndipo ochepa okha ndi amene anayandikira yankho la ngalande yaitali.

Chifukwa chake n'chomveka. Madzi olowa kudzera potulukira akuchokera kudziko limene tinalidula. Akubwera ndi kutentha kwanji? Ndi chipwirikiti chotani? Ngati ndi m'ng'anjo, akubwera ndi mpweya wabwino wochuluka bwanji? Pulogalamu siidziwa, ndiye imatenga nambala imene yapeza m'kabokosi. Mu Fluent, kutentha kwa mpweya wobwerera kumakhala kutalembedwa kale pa 300 kelvin, pafupifupi madigiri 27. Woyeserera ng'anjo yotentha madigiri 1,000 akaiwala kusintha nambala imeneyi, amakhala akuthira mpweya wozizira m'chumuni chake osadziwa. Mu OpenFOAM muli lamulo lotchedwa inletOutlet, limene limasiya madzi otuluka kuti atuluke mwaufulu koma limagwiritsa ntchito nambala yoperekedwa ndi munthu pamene akulowa. Limathandiza kuti kuwerengera kusasokonekere, koma silisandutsa nambala yongopeka kukhala yoona.

Suhas Patankar, amene pamodzi ndi Brian Spalding wa ku Imperial College ku London anakonza mu 1972 njira ya SIMPLE imene mapulogalamu ambiri amayendera, analangiza m'buku lake la mu 1980 kuti malire a potulukira aziikidwa pamene madzi onse akulowera kunja, osati podutsa dziwe lozungulira. Malangizowo sanakalambe. Mankhwala odalirika a madzi obwerera ndi kutalikitsa mpanda. Akatswiri oyeserera mphepo yowomba nyumba zitalizitali ku Ulaya amalangiza kusiya mtunda wokwana msinkhu wa nyumbayo maulendo 5 kutsogolo kwake, koma maulendo 15 kuseri kwake. Timabokosi towonjezerato timadya nthawi ndi magetsi, ndipo chiyeso chofuna kudulira pafupi chimakhalapo nthawi zonse. Koma pali kuyesa kumodzi kumene sindingakhulupirire zotsatira za munthu ngati sanakuchite: kusuntha malire, kuwerengeranso, n'kuona ngati nambala imene akuifunayo yasintha. Ikasintha, ndiye kuti imene anali nayo poyamba inali ya mpanda wake, osati ya madzi.

Mafunde amene ayenera kupita osabwerera

Pa zinthu zosintha ndi nthawi pamabwera vuto lina. Pulesha yokhomeredwa pa nambala imodzi imabweza mafunde. Funde la phokoso likafika pamalire otere limatembenuka n'kubwerera m'kati, ndipo kamvuluvulu wodutsa pamenepo amabala phokoso limene kunja kulibe. Wofufuza kulira kwa injini ya ndege, kapena kunjenjemera kwa moto m'chipinda choyakira cha makina a gasi opangira magetsi, sangalekanitse phokoso lenileni ndi lochokera kumpanda wake. Isidoro Orlanski, wa ku Argentina amene ankagwira ntchito ku Princeton, anapereka njira mu 1976 yoti pulogalamu iziyerekeza liwiro limene funde likufikira pamalire n'kulitulutsa pa liwiro lomwelo. Mu 1992, Thierry Poinsot ndi Sanjiva Lele anakonza njira yolekanitsa mafunde otuluka ndi olowa, otulukawo n'kuwasiya, pulesha n'kumaikokera pang'onopang'ono ku nambala ya kunja m'malo moikhomera. Ena amaika chigawo chomeza mafunde asanafike pampanda. Koma kubweza mafunde si kulakwa nthawi zonse. Kukamwa kotseguka kwa chitoliro kumabwezadi phokoso, ndipo n'chifukwa chake chitoliro chimalira. Woyeserera chitoliro akachotsa kubwezako wachotsa nyimbo yomwe.

M'mitsempha ya magazi

Palibe malo amene nkhaniyi imaonekera bwino kuposa m'thupi la munthu. Makina a CT amajambula mitsempha ikuluikulu ya wodwala, ndipo kuchokera pa zithunzizo akatswiri amaumba mtsemphawo m'kompyuta, ndi kukhota kwake konse ndi pamene wapanikizika. Koma makinawo amaona mitsempha mpaka yokula pafupifupi milimita imodzi. Kupitirira apo nthambi iliyonse imathera m'malere, yodulidwa. Kuseri kwa podulapo kuli timitsempha tosawerengeka, tina topyapyala kuposa tsitsi, ndipo m'menemo ndi mmene muli mbali yaikulu ya kukaniza kumene mtima umalimbana nako. Chimene chimagawa magazi pakati pa impso, matumbo ndi miyendo si kukula kwa mapaipi aakuluwo kokha, koma timitsempha tosaonekato, timene timatseguka ndi kufinyika malinga ndi chimene chiwalo chikufuna.

Tsono taganizani munthu atalemba ziro pa nthambi zonse, monga amachitira ndi paipi yothira panja. Magazi a m'kompyuta adzathamangira nthambi yaifupi ndi yaikulu, zina n'kutsala ndi ochepa, ndipo pulesha sidzafanana n'komwe ndi 120 pa 80 imene namwino amayeza pamkono. Chithunzi cha mtsempha chikhoza kukhala cholondola mpaka kachigawo ka milimita, yankho n'kukhala la thupi limene silinakhaleko.

Njira yothetsera vutoli inachokera kwa katswiri wa za thupi wa ku Germany, Otto Frank, mu 1899. Iye anafotokoza m'masamu kuti mitsempha ikuluikulu imafutukuka mtima ukapopa, n'kusunga magazi, kenako n'kumawakankha pang'onopang'ono mtima ukamapuma, monga momwe chipinda cha mpweya cha pampu yozimira moto ya nthawi imeneyo chinkasalazira madzi. Maganizo amenewa amatchedwa Windkessel. Nico Westerhof ndi anzake anawawonjezera cha m'ma 1970, ndipo masiku ano nthambi iliyonse yodulidwa imapatsidwa manambala atatu: kukaniza kwa pafupi, kufutukuka kwa mitsempha ya kutsogolo, ndi kukaniza kwa timitsempha takutali. Pamenepo pulesha ya potulukira sikhalanso nambala yokhomeredwa. Imakwera ndi kutsika malinga ndi magazi amene adutsa, ndiponso imakumbukira amene anadutsa kamphindi kapitako. Malire asanduka kachitsanzo kakang'ono ka thupi lonse lotsalalo.

Kunonso madzi obwerera ndi enieni. Mu mtsempha waukulu wa m'mimba, kumunsi kwa impso, magazi a munthu amene akupuma amabwerera m'mbuyo kwa kanthawi mtima ukangomaliza kupopa. Lamulo loletsa kubwerera lingafafanize chinthu chimene madokotala amachiona pa makina awo, ndiye akatswiri amayenera kulola kubwererako kwinaku akuteteza masamu kuti asasokonekere.

Mitsempha yodyetsa mtima weniweniwo ili ndi khalidwe lakelake. Mtima ukafinya umapanikizanso timitsempha ta m'mnofu wake, kotero magazi ambiri, makamaka a mbali ya kumanzere, amalowa m'menemo pamene ukupuma. Lamulo la potulukira liyenera kudziwa zimenezi, ndipo limapatsidwa pulesha ya m'mnofuwo imene imasintha ndi kugunda kulikonse. Apa masamu afika pa bedi la wodwala. Dokotala akaona mtsempha wa mtima wopanikizika, amafuna kudziwa ngati kupanikizikako kukuchepetsadi magazi. Muyeso wake umatchedwa FFR: pulesha ya kuseri kwa popanikizika poigawa ndi ya pamene magazi asanafike popanikizikapo, timitsempha tonse titatseguka. Ikakhala 0.80 kapena kutsika, kawirikawiri amaganiza zotsegula mtsemphawo. Kale muyesowu unkapezeka pokhapokha polowetsa kawaya mu mtsempha. Kampani ya HeartFlow, imene mmodzi mwa oiyambitsa ndi Charles Taylor wa ku Stanford, inakonza njira youwerengera kuchokera pa zithunzi za CT, ndipo bungwe la FDA ku America linaivomereza mu 2014.

M'njira imeneyi palibe amene amayeza kukaniza kwa timitsempha ta wodwalayo. Amakuyerekeza. Kuchuluka kwa magazi amene mtima umafuna popuma amakupeza kuchokera pa kukula kwa mnofu wake, kumene kumaoneka pa chithunzi. Magaziwo amawagawira nthambi malinga ndi kukula kwa iliyonse, potsata mfundo imene Cecil Murray anailemba mu 1926, yoti mtsempha umakula molingana ndi magazi amene umanyamula. Kenako kukaniza kwa nthambi iliyonse amakutsitsa kufika pafupifupi pa gawo limodzi mwa magawo anayi, kutsanzira mmene timitsempha timatsegukira wodwala akabayidwa mankhwala a adenosine. Mwa anthu ena, monga amene matenda a shuga awononga timitsempha tawo, timitsemphato sititseguka mpaka pamenepo, ndiye magazi enieni odutsa amakhala ochepa kuposa a m'kompyuta, ndipo nambala yowerengera imatha kusiyana ndi ya kawaya. N'chifukwa chake nambala ikagwa pakati pa 0.75 ndi 0.80, madokotala ambiri saigamulira yokha: amaiika pamodzi ndi zizindikiro za wodwalayo, ndipo ngati chikaiko chikadalipo amalowetsabe kawaya kukayeza.